Nyumba ya a Freemason imene inasunga aphungu a ku Cape zaka 30

Akonzi,

Tiloleni malo m'nyuzipepala yanu tinenepo za nyumba ina yakale ya mumzinda wa Cape Town, imene abale athu ambiri okhala kumeneko amangoidutsa osaidziwa, ndipo ochepa amene amaidziwa amafulumiza miyendo akaiyandikira. Nyumbayi ndi kachisi wa gulu la a Freemason wotchedwa De Goede Hoop. Ili pa Stalplein, mkati mwa mpanda wa Nyumba ya Malamulo ya South Africa, moyandikana ndi Tuynhuys kumene kuli ofesi ya mtsogoleri wa dzikolo. Inatsegulidwa mu 1803. Mandala House ya ku Blantyre, imene timaiyesa nkhalamba ya nyumba zathu zonse, inamangidwa mu 1882, ndiye kuti iyi ndi yaikulu ndi zaka 79.

Ife tikulemba ngati amisiri a nyumba za njerwa ndi laimu, ndipo mfundo yathu ndi imodzi. Munthu sayenera kugwirizana ndi a Freemason kuti aone kufunika kwa nyumbayi. Makoma ake asunga mbiri ya amalinyero, akapolo, aphungu ndi atsamunda, ndipo mbali ina ya mbiri imeneyo ikutikhudza ife a kuno. Chimene chingaiwononge si zimene anthu amanong'onezana. Ndi moto, madzi, ndi mmisiri wobwera ndi thumba la simenti.

Tiyambe ndi dzina, pakuti limasokoneza. Kwathu mawu oti loji timatchulira malo ogona alendo. Kwa a Freemason, loji ndi gulu la anthu a malo amodzi amene amakumana nthawi ndi nthawi, komanso chipinda chimene amakumaniramo. Mawuwa anachokera ku chisakasa chimene amisiri osema miyala ku Ulaya ankamanga pambali pa tchalitchi chachikulu chikamamangidwa, mosungira zipangizo, modyera ndi mophunzitsira anyamata ntchito. N'chifukwa chake zizindikiro za gululi ndi zida za mmisiri: sikweya, kampasi, levulo ndi epuloni. Palinso nyumba ina pafupi, kumtunda kwa msewu wa Adderley, yotchedwa Slave Lodge. Imeneyo si ya a Freemason. Inamangidwa mu 1679 kukhala mogona akapolo a kampani ya Adatchi, ndipo lero ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale.

Gulu la Freemason m'maonekedwe ake a lero linakhazikika ku London mu 1717, ndipo ku Netherlands likulu lake linayamba mu 1756. Linafika ku Cape pa zombo za kampani ya Adatchi ija, imene inkalamulira malowo kuyambira 1652. Mu May 1772 woyendetsa chombo wina, Abraham van der Weijde, anasonkhanitsa a Freemason amene anawapeza mumzindawo, ndipo iwo anapempha chikalata ku Netherlands choti akhazikitse loji. Woyamba kuitsogolera anali Abraham Chiron, wogwira ntchito m'kampaniyo. Imeneyi ndiyo loji yoyamba m'chigawo chonse cha kummwera kwa Africa. Poyamba inalibe nyumba yakeyake, inkachita lendi, ndipo inkadalira kwambiri anthu a m'zombo ongodutsa. Zombo zitachepa chifukwa cha nkhondo, loji inatseka mu 1781. Inadzatsegulidwanso mu 1794, nthawi ino ili ndi anthu okhazikika ndi achuma, ndipo mu 1800 anagula munda umene panamangidwa kachisiyu.

Apa ndi pamene nkhaniyi imamukoma mmisiri aliyense. Anthu atatu amene anagwira ntchitoyi ndi omwewo amene anapatsa Cape Town nkhope yake yakale. Wojambula mapulani anali Louis Michel Thibault, Mfalansa wobadwa mu 1750, amene anafika ku Cape mu 1783 ndi gulu la asilikali. Womanga anali Hermann Schutte wa ku Bremen ku Germany, yemwe pambuyo pake anamanga nsanja younikira zombo ya Green Point mu 1824 ndi kumanganso tchalitchi cha Groote Kerk mu 1841. Woumba ndi kusema ziboliboli anali Anton Anreith, wa ku Germany nayenso, amene anabwera mu 1777 ngati msilikali wamba wa kampani. Guwa lolalikira la tchalitchi cha Lutheran mumsewu wa Strand ndi ntchito yake, chimodzimodzinso la ku Groote Kerk, ndi zithunzi zoumba pamphumi pa nyumba yosungira vinyo ku Groot Constantia za mu 1791. Ntchito zambiri za atatuwa zinagwetsedwa mzinda ukukula, kotero nyumba imene manja a onse atatu akuonekamo pamodzi ndi chinthu chosowa.

Amene anatsegula nyumbayi pa 7 July 1803 ndi Jacob Abraham de Mist, nthumwi imene boma la Netherlands linatumiza kudzalandira Cape kuchokera kwa Angerezi, omwe anaulanda mu 1795 ndipo anadzaulandanso mu 1806. De Mist anali wachiwiri kwa mkulu wa a Freemason ku Netherlands. Choncho kuyambira tsiku loyamba nyumbayi inali pafupi ndi mpando wa ulamuliro, ndipo sitiyenera kubisa zimenezo.

Kamangidwe ka mkati kamatsata mwambo wa gululo. Chipinda chachikulu ndi chachitali, chopapatiza, chosalola wakunja kusuzumira. Wotsogolera amakhala mbali imene amaitcha kummawa. Mwambo wonse wa a Freemason umazungulira pa nkhani ya kachisi wa Solomo, ndiye m'maloji awo mumakhala nsanamira ziwiri zokumbutsa Yakini ndi Boazi za pa 1 Mafumu 7:21, ndi pansi pa mabwalo akuda ndi oyera ngati bolodi ya dirafuti. Munthu amakwera masitepe atatu: wophunzira ntchito, mmisiri, ndi mmisiri wamkulu. Zipinda zing'onozing'ono za m'mbali zinamangidwira masitepe amenewa, ndipo womvetsa zimenezi sadabwa chifukwa chake chipinda china n'chamdima pamene china n'chowala. Anreith anaumbamo ziboliboli zazikulu kuposa msinkhu wa munthu. Zimene zilipo lero ndi zitatu: munthu woika chala pamilomo, kutanthauza kusunga chinsinsi, mayi wolira ali ndi mwana, ndi Hiramu ali chigonere. Hiramuyu ndi mmisiri wa ku Turo uja wa pa 1 Mafumu 7:13-14, mwana wa mkazi wamasiye, amene a Freemason anamuwonjezera nthano yawoyawo yoti anaphedwa chifukwa chokana kuulula zinsinsi za ntchito.

Mabuku amatchula Thibault, Schutte ndi Anreith, koma anthu atatu sangaponde dothi, kuotcha njerwa, kusenza laimu ndi kukweza denga. Ku Cape ya nthawi imeneyo ntchito zoterezi zinali m'manja mwa akapolo ndi anthu omasulidwa ku ukapolo, ndipo ambiri mwa akatswiri a pulasitala anali ochokera m'gulu limeneli. Akapolowo ankachokera ku India, ku zilumba za Indonesia, ku Madagascar, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 ambiri ankachokera ku Mozambique. Mu December 1794, chaka chomwe loji inatsegulidwanso, chombo cha Apwitikizi chotchedwa São José chinasweka pafupi ndi gombe la Clifton chitanyamula anthu pafupifupi 500 ochokera ku chilumba cha Mozambique. Amene anapulumuka m'madzi anagulitsidwa ku Cape komweko. Njira zamalonda zopita ku chilumbacho zinkafika mpaka kumadera a nyanja yathu. Ukapolo ku Cape unathetsedwa pa 1 December 1834, koma anthuwo anakakamizidwa kugwirabe ntchito kwa ambuye awo mpaka 1838. Gulu limene linkalalikira za ubale wa anthu onse linkakumana pakati pa mzinda wa akapolo. Aliyense woonetsa alendo nyumbayi azinena zimenezi, asamangolozera ziboliboli.

Pambali pa kachisi a loji anamanga holo yodyeramo ndi kuchitiramo maphwando, ndipo holo imeneyi ndiyo inalowetsa malowa m'mbiri ya ndale. Dziko la Cape litapatsidwa Nyumba ya Malamulo yosankhidwa ndi anthu mu 1854, kunalibe nyumba yokumaniramo. Mwa magulu ake awiri, gulu laling'ono la akuluakulu linapita ku Slave Lodge ija, imene nthawiyo inali itasanduka khoti lalikulu, ndipo aphungu anabwereka holo ya De Goede Hoop. Anakhalamo zaka 30, kuyambira 1854 mpaka 1884, pamene nyumba yawoyawo inkamalizidwa. Sipikala woyamba, Christoffel Brand, analinso mkulu wa maloji a Chidatchi m'dzikolo, ndiye masana ankatsogolera aphungu ndipo madzulo ena ankatsogolera loji pabwalo lomwelo. Malamulo a chisankho a nthawiyo sankayang'ana khungu, koma ankafuna mwamuna wokhala pa malo a mtengo wa mapaundi 25, kotero amayi onse ndi amphawi ambiri anatsala kunja.

M'holo imeneyi ndi mmene aphungu anavomera mu 1872 kuti Cape ikhale ndi nduna zakezake, John Molteno n'kukhala nduna yaikulu yoyamba. Ndi mmenemonso mnyamata wina wolemera ndi dayamondi, Cecil Rhodes, anayamba ntchito ya uphungu mu 1881 akuimira dera la Barkly West. Patangopita zaka zisanu ndi zitatu kampani yake ya British South Africa Company inalandira chikalata cha mfumukazi ya Britain, ndipo dziko lathu litaikidwa pansi pa Britain mu 1891, kampaniyo ndi imene inkapereka mapaundi 10,000 pachaka oyendetsera boma la Harry Johnston. Dzina la Rhodes linamatidwa pa maiko amene lero ndi Zambia ndi Zimbabwe. Mmalawi, Mzambia kapena Mzimbabwe woima pa Stalplein waima pamene munthu ameneyu anaphunzirira ndale.

Mu February 1892 moto unanyeketsa holoyo ndi mbali yaikulu ya kachisi. Ziboliboli zinayi za Anreith zimene zinali m'chipinda chachikulu zinatheratu, n'chifukwa chake zatsala zitatu zokha. Makoma okhuthala anapirira, ndipo kachisi anakonzedwa n'kutsegulidwanso chaka chotsatira. Pamalo pa holo anamangapo nyumba ya zisudzo ndi nyimbo, imene pambuyo pake boma linagula. Lero imatchedwa Good Hope, ndipo moto wa pa 2 January 2022 utawononga chipinda cha aphungu a South Africa, aphunguwo anabwerera kukakumana m'nyumba imeneyi, pamalo pomwe anzawo anayambira mu 1854. Kachisiyo anaikidwa m'kaundula wa zipilala za dziko mu 1968, ndipo a Freemason akumugwiritsabe ntchito.

Tikudziwa zimene owerenga ambiri akuganiza pofika pano. Kwathu dzina la Freemason limayenda limodzi ndi nkhani za satana ndi chuma cha magazi. Mpingo wa Katolika unaletsa akhristu ake kulowa gululi mu 1738 pansi pa Papa Clement XII, unabwereza chiletsocho mu 1983 ndi mu 2023, ndipo mipingo ina ili ndi zifukwa zake. Ife sitikuitanira munthu ku loji. Gululi lili ndi milandu yake yeniyeni yoti liyankhe: sililandira amayi m'maloji ake akuluakulu, ndipo ku South Africa maloji amenewa anakhala a azungu okhaokha kwa zaka zoposa 200, mpaka mu 1977 pamene anayamba kulandira anthu a mitundu ina. Koma kukhala ndi chinsinsi pakokha si mlandu wogwetsera nyumba. Ife eni ake tili ndi dambwe, kumene wosameta saponda, ndipo amishonale analimbana ndi Nyau zaka zambiri. Komabe Gule Wamkulu analemekezedwa ndi UNESCO mu 2005, ndipo zojambula za m'mapanga a Chongoni, zina mwa izo za Nyau ndi chinamwali, zinakhala chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Mkhristu amene sapita kudambwe amathabe kukwiya akaona wina akukanda dzina lake pa thanthwe la Chongoni.

Tsopano tinene za kasamalidwe, pakuti apa ndi pamene nyumba zambiri za msinkhu uwu zafera m'manja mwa anthu ozifunira zabwino. Njerwa zakale za ku Cape ndi zofewa, zosapsa bwino, chifukwa nkhuni zinali zosowa. Zinamangidwa ndi dothi kapena laimu, ndipo laimuyo ankamupeza pootcha zigoba za nkhono za m'nyanja, zambiri zochokera ku Robben Island. Khoma lotere lilibe pulasitiki kapena phula pamaziko lotchinga chinyezi. Limamwa madzi kuchokera pansi ndi ku mvula ya m'nyengo yozizira, imene ku Cape imagwa kuyambira May mpaka August ikuwombedwa ndi mphepo ya kumpoto chakumadzulo, kenaka limawatulutsa dzuwa ndi mphepo ya mwera zikabwera. Pulasitala wa laimu ali ndi timabowo tosaoneka tolola madziwo kutuluka. Amisiri amati khomalo limapuma.

Simenti ndi penti ya mafuta kapena ya pulasitiki zimatseka mpweya umenewo. Simenti ndi youma gwa pamene khoma lakale limasuntha pang'ono ndi nyengo, ndiye posachedwa imachita ming'alu yopyapyala ngati tsitsi. Mvula imalowera m'ming'alumo koma potulukira palibe. Chinyezi chimakwera m'mwamba kufunafuna njira, chitanyamula mchere wa m'nthaka ndi wa mphepo ya kunyanja. Pamene madzi aumira, mchere umapanga timiyala timene timakankha njerwa kuchokera mkati mpaka isanduke ufa. Kunja khoma limaoneka losalala ndi lokongola, chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Gogodani ndi chigwiriro cha hamala: pomveka ngati ng'oma, pulasitala wasiyana kale ndi njerwa. Mitu ya mitanda ya denga ndi mafelemu a mawindo zolowa m'khoma lonyowalo zimaola, ndipo tizilombo tofumbula matabwa timakonda mtengo wa chinyezi.

Kukonza kumayambira pa madzi, osati pa khoma. Woyang'anira nyumba atuluke ndi ambulera mvula ikugwa, aone pamene magata akusefukira ndi pamene madzi akuima. Magata ndi mapaipi otsitsa madzi azichotsedwa masamba kawiri pachaka, mvula isanayambe ndi itatha. Dothi kapena konkire ya kunja ikhale pansi ndi masentimita osachepera 15 poyerekeza ndi pansi pa mkati, ndipo itsetsereke kuchoka kukhoma. Nyumba zambiri zakale zinakwiririka pang'onopang'ono chifukwa aliyense wokonza bwalo ankathira pamwamba pa za mnzake. Maluwa othiriridwa tsiku ndi tsiku m'mphepete mwa khoma achotsedwe. Mukatha izi dikirani, pakuti khoma lokhuthala theka la mita limatenga miyezi yambiri, nthawi zina chaka chathunthu, kuti liume.

Simenti yakale ichotsedwe ndi chizulo ndi hamala ya m'manja, kagawo kakang'ono nthawi imodzi. Makina ogumulira ndi gilayinda amachotsa nkhope ya njerwa pamodzi ndi simentiyo. Ngati poyesa mwaona kuti simenti ikuzuka ndi njerwa, isiyeni, mufunse katswiri. Mizere ya pakati pa njerwa ikumbidwe kuya kowirikiza kawiri kutambalala kwake, ichotsedwe fumbi, inyowetsedwe. Laimu woyenera ndi uja wootcha, amene akale ankamutcha njereza. Mumamuthira pang'onopang'ono m'dzenje kapena mgolo wa madzi, osati madzi pa laimu, chifukwa amawira ndi kuthovoka mwamphamvu. Magalasi oteteza maso ndi magolovesi si zodzikongoletsera, laimu amaotcha diso m'kanthawi kochepa. Phalalo lisefedwe, lisungidwe pansi pa madzi miyezi yosachepera itatu. Wofulumira amapaka laimu wokhala ndi timibulu tosazima, ndipo timadzaphulika pakhoma n'kusiya timaenje. Posakaniza, ndowa imodzi ya phala la laimu ipite ndi ndowa ziwiri ndi theka kapena zitatu za mchenga wotsuka, wokhakhala, wa timiyala tosiyana kukula. Mchenga wa kugombe la nyanja ya mchere usayandikire. Madzi owonjezera akhale ochepa kwambiri, chifukwa matope a laimu amafewa ndi kupondedwa, ndipo amadzi ambiri amang'aluka pouma. Chizolowezi chothiramo fosholo imodzi ya simenti kuti zigwire msanga ndicho chimabwezeretsa vuto lomwe mumachotsa.

Pulasitala apakidwe katatu. Woyamba akhale pafupifupi mamilimita 10, aponyedwe mwamphamvu pa khoma lonyowetsedwa, ndipo akandidwe mizere yopingasa kuti wachiwiri adzagwire. Wachiwiri ndi wowongola khoma, wokhuthala chimodzimodzi kapena kucheperapo. Wachitatu ndi wopyapyala, mamilimita atatu kapena anayi, wa mchenga wosalala. Pakati pa uliwonse papite sabata imodzi kapena kuposerapo. Laimu salimba chifukwa chouma ayi. Amalimba pokoka mpweya wa kaboni mumlengalenga n'kubwerera kukhala mwala monga analili asanaotchedwe, ndipo zimenezi zimatheka pokhapokha ali ndi chinyezi pang'ono. Choncho khoma liphimbidwe ndi ziguduli zonyowa ndi kuwazidwa madzi m'mawa ndi madzulo. Mwera wa ku Cape ungaumitse pulasitala tsiku limodzi, ndipo wouma chotero amayoyoka mukamukhudza ndi chala. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kontirakitala wolipidwa pa liwiro sayenera kupatsidwa ntchito imeneyi.

Pomaliza pake ndi laimu wopaka. Asungunulidwe mpaka akhale ngati mkaka, osati ngati phala. Apakidwe ndi bulashi yaikulu pa khoma lonyowa, kanayi kapena kasanu, tsiku limodzi pakati. Pongopaka amaoneka ngati madzi, kuyera kumabwera akauma, ndipo osadziwa amamukhuthalitsa poganiza kuti sakugwira, mapeto ake amasweka ngati chigoba cha dzira. Mbali yoyang'ana kumene mvula imachokera imafuna kupakidwanso pakapita zaka zochepa. Imeneyo si ntchito yolephera. Laimu wopaka amayenera kutha kuti njerwa isathe.

Ziboliboli za Anreith ndi nkhani ina, ndipo mmisiri wamba asazikhudze. Zoumba za pulasitala wa laimu siziyenera kutsukidwa ndi madzi kapena sopo, ndiponso siziyenera kupakidwa penti pofuna kuti ziwale pa mwambo, chifukwa penti iliyonse imakwirira mizere ya dzanja la woumba. Fumbi lichotsedwe ndi bulashi yofewa youma. Ziboliboli zotere nthawi zambiri zimakhala ndi chitsulo kapena mtengo mkati wogwira mikono ndi khosi. Chitsulo chikachita dzimbiri chimafufuma n'kung'amba pulasitala kuchokera mkati, ndipo chizindikiro choyamba ndi kadontho kofiirira kapena mng'alu wotsata mkono. Mng'alu wotere ujambulidwe pambali pa rula, tsiku lilembedwe, ndipo uonedwenso pakatha miyezi itatu. Ngati ukukula, aitanidwe katswiri wa zoumba.

Za moto sitifunika kuphunzitsidwa ndi buku, bwalo lomweli lapsa kawiri, mu 1892 ndi mu 2022, ndipo laibulale ya Jagger pa yunivesite ya Cape Town inapsa pa 18 April 2021. Lipoti la ozimitsa moto a mzindawo pa moto wa 2022 linanena kuti mpopi wodyetsa mapaipi owaza madzi unali wotseka, ndipo zitseko zotchinga moto zinali zokoletsedwa kuti zikhale zotsegula. Zida zinalipo, kuyendera kunalibe. M'nyumba zakale moto umathamanga pakati pa siling'i ndi denga, pamene pali matabwa ouma zaka 100, fumbi ndi mawaya amene palibe amawaona. Malo amenewo agawidwe ndi makoma osagwira moto, aikidwe zida zomva utsi zolumikizidwa kwa mlonda amene ali maso usiku, ndipo mawaya ayezedwe ndi wamagetsi wa chiphaso zaka zisanu zilizonse. Mpopi wa madzi ozimira moto umangidwe ndi tcheni uli wotsegula, uziyenderedwa sabata iliyonse. Mabotolo ozimira moto aziyezedwa chaka ndi chaka. Wowotcherera zitsulo kapena wosungunula phula padenga akaweruka, munthu atsale akuyang'ana malowo ola lathunthu, pakuti moto wambiri wa m'nyumba zakale umabuka amisiri atapita kwawo. Mwambo wa loji umagwiritsa ntchito makandulo, ndiye pakhale munthu mmodzi wodziwika ndi dzina amene ntchito yake ndi kuwazima ndi kuzungulira nyumba asanakhome.

Abale athu ambiri ku South Africa amapeza maganyu pa ntchito zomanga ndi kupenta, ndiye adziwe lamulo ili. Lamulo la dzikolo loteteza chuma cha makolo, la nambala 25 la mu 1999, pa ndime 34, limaletsa kusintha kapena kugwetsa nyumba iliyonse yoposa zaka 60 popanda chilolezo. Ku Cape chilolezocho chimachokera ku Heritage Western Cape, bungwe la boma loteteza chuma cha makolo m'chigawocho. Bwana akakuuzani kuti mugumule pulasitala wakale kapena muzule mawindo a nyumba yotere, funsani ngati pepalalo lilipo, chifukwa oyendera akafika amapeza inu muli ndi hamala m'manja.

Kwa eni ake a De Goede Hoop, ndi kwa maloji ena onse okhala ndi nyumba zakale, kuphatikizapo Lodge Nyasa ya ku Blantyre imene inalandira chikalata chake kuchokera ku Scotland kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, pempho lathu ndi la zinthu ziwiri. Choyamba, nyumba iyezedwe ndi kujambulidwa yonse, chipinda ndi chipinda, denga ndi maziko omwe, ndipo mabuku a misonkhano ndi a ndalama ajambulidwe tsamba ndi tsamba. Makope asungidwe malo awiri osiyana, ena ku nyumba yosunga zolemba za boma, chifukwa makope osungidwa m'kabati imodzi ndi mabuku enieniwo amapsera limodzi. M'mabuku a ndalama ndi mmene mumapezeka amene anagulitsa njerwa, amene anabwereketsa antchito ndi mtengo wake. Chachiwiri, zitseko zizitsegulidwa kwa anthu wamba masiku odziwika, monga pa 24 September pamene South Africa imakumbukira chikhalidwe chake, magulu a anthu osapitirira 20 nthawi imodzi, chingwe chitatchingidwa mita imodzi kuchokera pa ziboliboli, ndipo woonetsa alendo akhale wokonzeka kuyankha funso la satana ndi la akapolo mosapsa mtima.

Ndife owerenga anu,
Amisiri okonza nyumba zakale,
Cape Town